Njerwa zoswekasweka, tenesi, ndi nkhani ya madzi

(Ambiri simunabwere Loweruka chifukwa cha ntchito ya fodya, ndiye takulemberani zimene mayi mlangizi wa kalabu yathu anayankhula pa nkhani ya bwalo lija. Voti yasunthidwa, ichitika Loweruka likubwerali.)

Amene muli kumbuyoko sendezani mabenchi kuno, mawu anga lero asasa ndi fumbi la m'chigafa.

Nkhani tili nayo ndi ya malo aja ali kuseri kwa bwalo la netibolo, ndi mulu wa njerwa za balani lija linagwa ndi mvula. Ena mukuti tigulitse mahafuwo tigule mpira wina wachikopa. Ena mukuti tiyese tenesi, poti malaketi anayi aja tinapatsidwa angokhala m'katoni chaka chonse. Ine ndili mbali ya tenesi, sindikubisa. Koma kumapetoku ndiikapo mfundo imodzi, ndipo mukaikana, voti yanganso ndibweza.

Wina anandifunsa sabata yatha kuti, "Madamu, tenesi pa dothi? Si ija imafuna simenti ndi waya, ya ana a ku Kamuzu Academy ku Mtunthamaku?" Ndinaseka, koma funsolo ndi labwino. Mvetserani.

Ku Paris, m'dziko la France, kumachitika mpikisano wotchedwa Roland Garros, ena amati French Open. Ndi umodzi mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya tenesi pa dziko lonse, ndipo mwa inayiyo ndi wokhawu umene amasewerera pa dothi. Umayamba kumapeto a Meyi n'kutha kumayambiriro a Juni, nthawi yomwe ife maso ali ku Chinkhoma kudikira kuti mabelo ayenda bwanji. Mumalowa amuna 128 ndi akazi 128, milungu iwiri, ukagonja kamodzi basi walongeza. Mu 2025 wopambana kumbali ya amuna ndi wopambana kumbali ya akazi aliyense anatenga mayuro 2.55 miliyoni. Musavutike kuwerengetsa mu makwacha, mutu ungakupwetekeni.

Tsono dothi lofiira mumaliona pa kanemalo si katondo ngati wathuyu ayi. Ndi njerwa. Njerwa zootcha, zoperedwa mpaka kukhala ufa, n'kuwaza pamwamba pang'ono chabe, mamilimita awiri osapitirira. Pansi pake pali miyala yoyera ya laimu yophwanyaphwanya n'kutsendera, pansi pa iyo pali zotsalira za malasha, kenako miyala ikuluikulu kuti madzi azitsika msanga. Anthu ovala mawotchi a mtengo wa galimoto amagwa n'kudetsedwa ndi chinthu chomwe ife tikukangana kuti tigulitse pa wilibala.

Sindikunena kuti tipanga bwalo la ku Paris, ndingakhale ndikunama. Ife tisalaza pansi, titsendera dothi lathu lomweli mpaka ligwire, tisinja mahafu aja, tisefa, tiwaza pamwamba. Mizere tilemba ndi laimu, akasowa phulusa lilipo. Bwalo lake ndi mamita 23.77 m'litali ndi 10.97 m'lifupi, kuonjezerapo malo othamangira kumbuyo ndi m'mbali. Ndinakayeza ndi chingwe Lachitatu, likukwana, kungoti chitsa cha msuku chija chiyenera kuzulidwa. Ukonde pakati umatalika masentimita 91 okha. Ukonde wa volebo wakale uja tikautsitsa ugwira ntchito.

Chimene ndimakondera bwalo la dothi n'chakuti limachititsa manyazi anthu a mphamvu zokhazokha. Mpira ukagunda pa ufa wa njerwa umachepa liwiro n'kunjanja kupita m'mwamba, ndiye amene ali mbali inayo amapeza nthawi youfikira. Ukamenya mwaukali poganiza kuti wathana naye, umangoona mpira wabwereranso. Ukamenyanso, wabwereranso. Kakhumi, nthawi zina kupitirira. Amene amayamba kupsa mtima ndi amene amaluza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa dothi mpamene mawuwa amaonekera poyera. Osewera ake sathamanga n'kuima ngati pa simenti, amatsetsereka kukakumana ndi mpira, ngati mmene munkachitira muli ana pa matope a ku dambo amayi anu akukukalipirani. Maondo savutika kwambiri, ukagwa umangosupuka pang'ono. Komanso mpira umasiya chizindikiro pamene wagwera, moti kukakhala mkangano woimbira amatsika pa mpando wake kukaloza ndi chala. Ife amene masewero athu a mpira amathera pa "inalowa, sinalowe", izi zokha ndi phindu.

Rafael Nadal wa ku Spain anatenga chikho chimenechi ka 14, kuyambira 2005 mpaka 2022. Pa bwalo limenelo anapambana masewero 112, n'kugonja anayi okha. Kumbali ya akazi Chris Evert wa ku America anatenga kasanu n'kawiri, ndipo Iga Swiatek wa ku Poland watenga kanayi. Amene munaonera fainolo ya 2025 mukukumbukira Carlos Alcaraz atatsalira ndi maseti awiri kwa Jannik Sinner. Katatu konse Sinner anangotsala ndi pointi imodzi kuti anyamule chikho. Alcaraz anabweza zonse zitatu, masewero anatha patapita maola 5 ndi mphindi 29, wopambana ali iye. Ine nsima inazizirira pa tebulo tsiku limenelo.

Musaganize kuti ndi za azungu okhaokha. Pafupi pompa ku Harare, bambo wina dzina lake Don Black anakonza mabwalo a tenesi pakhomo pake, ake anali a kapinga, n'kuphunzitsa ana ake atatu. Byron anakatenga chikho cha osewera awiriawiri ku Roland Garros mu 1994. Mu 2002 Wayne ndi mlongo wake Cara anatenga cha awiriawiri chosakaniza mwamuna ndi mkazi, munthu ndi mlongo wake mbali imodzi ya ukonde. Ons Jabeur wa ku Tunisia anapambana mpikisano wa atsikana ku Roland Garros komweko mu 2011, kenako mu 2022 n'kutenga chikho chachikulu cha ku Madrid, nachonso cha pa dothi.

Jabeur yemweyo ndi amene akundifikitsa pa mfundo yanga ija. Ku Paris akazi anayamba kulandira ndalama zofanana ndi amuna pa ndime zonse mu 2007. Mungati nkhani inathera pomwepo. Koma kuli masewero amodzi patsiku amene amaikidwa usiku, nthawi imene anthu aweruka kuntchito ndipo ali pa kanema. Mu 2024 ndi mu 2025, masewero onse a usikuwo anapatsidwa kwa amuna. Jabeur anadandaula poyera. Pa pepala onse ndi ofanana, koma nthawi yabwino ikupita mbali imodzi.

Ife kuno sitisiyana nawo. Malamulo a kalabu amati mnyamata ndi mtsikana ndi chimodzimodzi. Nanga ndani amafika pano 3 koloko, ndipo ndani amafika dzuwa litapendeka, atatunga madzi, atatsuka mbale, mwana wa achemwali ake ali kumsana? Akamafika mpira uli kale m'miyendo ya anyamata. Ndimaona, musayese sindiona.

Ndipo bwalo la njerwa limamwa madzi. Ku Paris amalikokera ukonde kusalaza, amasesa mizere, amalithirira kangapo patsiku. Kuno mwera wa Juni ndi Julaye ukabwera, bwalo losathirira liuluka lonse kukatera m'munda mwa eni ake. Lifunika ndowa zingapo tsiku lililonse losewera, kuchokera ku mjigo, pamene pali kale mzere. Ndikudziwa mmene zimathera zinthu zotere tikapanda kunena: atsikana adzatunga, anyamata adzasewera.

Ndiye mfundo yanga nayi, a sekilitale lembani. Madzi othirira bwalo azitunga ndi amene akusewera tsiku limenelo, ndipo anyamata muli ndi njinga, zigubu zimakwera pa kaliyala bwinobwino. Wosatunga sagwira laketi. Lachiwiri ndi Lachinayi, kuyambira 4 koloko mpaka mdima, bwalo ndi la atsikana okha, ngakhale atabwera awiri. Loweruka tizisewera awiriawiri, mnyamata ndi mtsikana mbali imodzi, ngati Wayne ndi Cara.

Vuto lina limene ndilibe yankho lake ndi mipira. Tili nayo isanu ndi umodzi, ndipo pa njerwa ubweya wake umatha msanga. Msungichuma atiuze Loweruka kuti m'thumba muli zingati, tione ngati wina wopita ku Lilongwe angatifunsireko mtengo.

Mukavomera, tiyamba ndi chitsa chija m'mawa wa tsiku lotsatira voti. Bwerani ndi makasu, nkhwangwa ziwiri, ndi mtondo wakale umene kwanu anasiya kusinjiramo chimanga. Wa amayi anu wabwinowo ayi, ndilibe mphamvu zoweruza milandu.