Mawu a Ophunzira Akale a Seminale Yaing'ono ya ku Kasina pa Tsiku la Jubile



Ife amene taimirira pamaso panu lero ndife otsala a anyamata aja amene anagona, kudya ndi kuphunzira m'seminale yaing'ono ya pano pa Kasina m'zaka za m'ma 1950. Tinali ambiri, koma tsopano tatsala owerengeka; mitu yathu yayera, ndipo ena tiyenda ndi ndodo. Akulu a jubile atatipempha kuti tinene mawu a chikumbutso, tinakhala pansi ndi kupangana kuti tinene chinthu chimodzi chokha, ndicho ichi: sukulu ija inabala zipatso za mitundu iwiri. Za mtundu woyamba aliyense azidziwa, pakuti zioneka pa guwa la nsembe. Koma za mtundu wachiwiri sizinawerengedwe konse, ndipo tifuna kuti ziwerengedwe ife tisanatsikire kuli chete.

Poyamba tikumbutse ana athu chiyambi cha nyumba ija. Abambo a chipani cha White Fathers, chimene Kardinala Charles Lavigerie anachiyambitsa ku Algiers mu 1868, anafika kwa Mponda mu 1889, koma sanakhalitse, nachoka mu 1891. Anabweranso mu 1902, namanga ku Mua m'tsinde mwa mapiri, ndipo pambuyo pake anatsegula Mtakataka mu 1908 ndi Bembeke mu 1910. Kardinala uja anawaphunzitsa kuti mlendo angoyamba ntchito, koma oikhazikitsa ndiwo eni dziko. Apapa nawonso, Benedict XV mu 1919 ndi Pius XI mu 1926, analembera amishonale onse makalata owafulumiza kuti aphunzitse ansembe a m'dziko momwemo. Abambo anayamba kusonkhanitsa anyamata ku Mua, ndipo m'zaka za m'ma 1920 sukuluyo inasamuka kuchoka kunyanja kotentha, nikwera kumtunda kuno kozizira. Amene anatsiriza maphunziro a pano ankapita kutali ku Kipalapala, pafupi ndi Tabora m'dziko la Tanganyika, kufikira mu 1939 pamene seminale yaikulu ya Kachebere inatsegulidwa ku Mchinji.

Tsono mnyamata ankafika bwanji pano? Sankadzisankha yekha ayi. Mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi, amene analinso mkatekisti, ndiye ankayamba kuona mwana womvera, wokonda mapemphero ndi wogwira msanga zowerenga. Ndipo Bambo akafika pa ulendo wake wa m'midzi, atavala mkanjo woyera ndi kolona m'khosi, mphunzitsiyo ankamlozera mwanayo. Pamenepo nkhani inkagwa m'manja mwa makolo, makamaka atsibweni, pakuti kwa ife Achewa mwana ngwa kuchikazi. Musayese kuti chinali chapafupi. Masiku amenewo mnyamata wamphamvu ndiye anali nkhokwe ya banja: akakula adzapita ku Joni kapena ku Halale, nadzatumiza ndalama ya msonkho ndi nsalu ya amake. Kumpereka ku unsembe kunali kuvomera kuti sadzakwatira, sadzabala, ndipo dzina lake silidzatchulidwa pa mdzukulu. Amayi athu ena analira usiku wonse, koma m'mawa anatikazingira chimanga cha kamba, natiperekeza kufikira pa mphambano. Nsembe yoyamba ya seminale ija sinaperekedwe ndi ife, koma ndi iwo.

Anzathu a kunyanja ankakwera mapiri pansi, mphasa pamutu ndi kaphukusi m'manja. Ena ankachokera ku Ntcheu, ena ku Lilongwe, Achewa ndi Angoni pamodzi. Usiku woyamba ambiri tinafunda bulangete kumutu kuti mnzathu asamve kuti tilikulira; koma pofika mwezi wachitatu tinali ngati ana a mimba imodzi, odziwana mayendedwe ngakhale mumdima.

Mfumu ya nyumba ija inali belu. Linkatidzutsa m'bandakucha, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha ku Dedza chilowa m'mafupa, madzi osamba ankaluma ngati mpeni. Tikatero tinkalowa m'tchalitchi kukapemphera ndi kumva Misa. Misa yonse inali m'Chilatini, wansembe atayang'ana kuguwa, ndipo ife tinaphunzira kuyankha mawu ake pamtima tisanadziwe tanthauzo lake. M'kalasi tinalimbana ndi Chilatini chomwecho, Chingerezi, masamu, katekisimu, mbiri ya Eklezia ndi kuimba. Dzuwa likapendeka tinkasiya mabuku ndi kutola makasu: ena kumunda, ena kukatema nkhuni, ena kudambo kukaumba njerwa. Chakudya chathu chinali nsima ndi nyemba, mawa lake nsima ndi nyemba, ndipo tsiku la chaka chachikulu likafika, fungo la nyama linkatisokoneza ngakhale pa mapemphero. Mpira tinkamenya opanda nsapato. Madzulo tinkanena kolona, ndi kuwerenga pa kuwala kwa nyali ya palafini; ndipo belu lotsiriza likalira, pakamwa ponse pankatsekeka kufikira m'mawa Misa itatha. Pa ubwana tinkayesa kuti chete ameneyo ndi katundu wolemera. Takalamba tadziwa kuti ndimo tinaphunzira kumvetsera, ndipo munthu wosadziwa kukhala chete sangathe kuweruza mlandu, kapena kulangiza banja, kapena kukhala pambali pa wodwala.

Tisaiwale amene ankatidyetsa. Abambo ankalandira thandizo kwa Akhristu a ku Ulaya ndi ku Canada, anthu amene sanatione nkhope. Koma tikumbukiranso agogo anu, inu a midzi yozungulira pano, akufika ndi mitanga ya chimanga ndi nyemba pamutu, njala ya 1949 isanaiwalike n'komwe. Sanali ana awo amene ankadya, koma iwo anadziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati muli thupi m'mafupa athu okalambawa, mbali ina ndi chimanga cha makolo anu, ndipo lero tithokoza pamaso pa zidzukulu zawo.

Za zipatso za mtundu woyamba tinena mwachidule, pakuti muzidziwa. Bambo Cornelius Chitsulo, mwana wa ku Mua, anadzozedwa unsembe mu 1937, woyamba mwa ana a dziko lino. Mu 1956 Papa anawasankha kuti atsogolere chigawo chatsopano cha Dedza, ndipo mu 1957 anadzozedwa uepiskopi. Inu obadwa pambuyo simungadziwe chimene tinamva m'mitima poona munthu wa khungu lathu, wolankhula ngati amayi athu, atagwira ndodo ya ubusa, dziko likali m'manja mwa Azungu. Anaweta nkhosa za Dedza kufikira imfa yawo mu 1984. Bambo Patrick Kalilombe, a ku Mua komweko, amene anadya nsima ya pano ife tisanafike, anadzozedwa unsembe mu 1958, nakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972. Ndipo msonkhano waukulu umene anauchititsa kuyambira 1973 kufikira 1975 ndiwo unazika miphakati m'dayosizi imeneyo. Ndiponso alipo ansembe ena ambiri a m'maparishi, amene anatha matayala a njinga m'njira za kumidzi. Mulungu alemekezeke chifukwa cha iwo onse.

Koma njira ya ku unsembe inali yaitali, ya zaka zoposa khumi, ndipo ofika kumapeto anali ochepa. Pobwera kutchuthi tinkapeza malo ena ogona ali pululu. Wina anadwala, wina bambo wake anamwalira, nasiya ana aang'ono opanda wowalimira, wina Chilatini chinamkanika, ndipo ambiri, atapemphera ndi kukambirana nthawi yaitali ndi Bambo wowalangiza za mzimu, anazindikira kuti Mulungu awaitanira ku njira ina. Ambiri a ife amene tilankhula lero tili a gulu limeneli. Ndipo tinene poyera, pakuti mawu a akulu akoma akagonera: kubwerera kumudzi kunali kowawa koposa kuchoka. Pamtondo ndi pachitsime ankanong'onezana kuti mwana wa auje walephera; ena ankayesa kuti wachita choipa chobisika; ndipo mayi amene dzana ankakhala kutsogolo m'tchalitchi, tsopano ankakhala kumbuyo, nkhope ili pansi. Anzathu ena sanapirire manyazi amenewo, nathawira kumigodi, ndipo sanabwerenso. Tiwatchula m'mitima mwathu lero.

Tsono funsani, obwerera aja anatha bwanji? Yang'anani m'mbiri ya midzi yanu. Ndani anaphunzitsa atate anu kulemba pa sileti? Ndani anaimika kwaya, nasunga kaundula wa obatizidwa? Ambiri a iwo anali anyamata a pa Kasina. Ena anakhala alembi, ena othandiza madokotala m'zipatala, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964 linapeza mwa iwo anthu odziwa kusunga nthawi ndi kusunga chuma cha eni. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 kufikira 1965, utalola kuti Misa ichitike m'chilankhulo cha anthu, panafunika amuna odziwa kuwerenga Mawu a Mulungu momveka pamaso pa mpingo, ndi kutsogolera mapemphero a tsiku la Mulungu m'matchalitchi a kumidzi kumene wansembe afika kamodzikamodzi. Ndipo amuna amenewo anapezeka okonzeka kale. Miphakati itayamba, iwo anali pakati pa oyamba kuyala mphasa pabwalo. Anamanga mabanja a Chikhristu, ndipo m'nyumba zina za iwo munatuluka ansembe ndi asisitere, kotero kuti chimene atate sanachifikire, mwana anachifikira.

Ife amene tinaumba njerwa tidziwa kuti zonse zipsa m'uvuni umodzi, ndi moto umodzi. Koma mmisiri atenga zina naziika pa khomo pamene aliyense aziona, ndi zina azikwirira pansi m'maziko. Palibe woyamika njerwa ya m'maziko, koma mukaichotsa khoma ling'ambika. Seminale ya pano inali uvuni wotere, ndipo Mmisiri sanataye njerwa ndi imodzi yomwe.

Lero anyamata aang'ono saphunziranso pano monga kale. A dayosizi ya Dedza apita ku seminale yotchedwa ndi dzina la Kizito Woyera, wamng'ono mwa Amaritiri a ku Uganda, amene Papa Paul VI anawalemba m'gulu la oyera mu 1964. Ndipo Kasina alandira achinyamata okhwima, odzakonzekera mzimu asanalowe m'maseminale aakulu. Belu lathu linaleka kutiitana, koma ntchito ikalipo, ndipo chifukwa chake tikusiyirani mapempho atatu.

Loyamba lili kwa inu akatekisti, olowa m'malo mwa aphunzitsi athu. Maso anu akhale pa ana, pakuti m'mera mpoyamba. Mukaona mnyamata wa mtima wabwino, mulankhule naye, mulankhulenso ndi makolo ndi atsibweni ake. Koma muwauze zoona, kuti seminale ndi malo oyeserapo ndi kumvetsera, si lonjezo lakuti mwanayo adzavala mkanjo. Musamtche Bambo akali mwana, kuopa kumsenzetsa mtolo umene Mulungu sanamsenzetse.

Lachiwiri lili kwa inu nonse a mpingo. Amishonale a ku Ulaya atsala ochepa, ndipo Eklezia wa dziko lino ayenera kuima ndi miyendo yake. Chopereka cha maseminale chikalengezedwa, kumbukirani mitanga ya agogo anu, amene anapereka ali osauka koposa inu. Ndipo musanene kuti chimanga chodyedwa ndi mnyamata wobwerera chatayika. Ife tili mboni kuti chimabwera kumudzi konkuno.

Lachitatu ndilo lotikhudza koposa. Mnyamata akabwerera kuchokera ku seminale, mumlandire ndi manja awiri. Musamfunse pagulu chimene chachitika, ndipo amake musawalozere chala. A mphakati apite kwawo sabata lomwelo, akamchezere, nampatse ntchito: awerenge, aimbitse, aphunzitse ana katekisimu. Wabwera ndi chuma chimene inu nomwe munalipira. Musachikankhire kuchigwembe ndi malilime anu.

Potsiriza tipempha Abambo kuti pa Misa ya jubile ino akumbukire mizimu ya onse a nyumba ija amene anatsogola: Abambo amene anasiya kwawo nadzaikidwa m'dothi lathu, aphunzitsi, ophika, olima, amayi otula mitanga, ndi anzathu onse, odzozedwa ndi osadzozedwa, oikidwa pa mishoni ndi oikidwa kuchilendo. Ifenso mutipempherere, pakuti dzuwa lathu lapendeka. Maria Woyera, Amayi a Eklezia, asunge Kasina ndi ana ake, ndipo Mulungu wamphamvuzonse akudalitseni nonse.