CIMANGA CA SR52 NDI MBIRI YACE

Cimanga sicinali mbeu ya makolo akale a dziko lino. Kwao ndi ku America, ndipo cinafika m'magombe a Africa ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Kwa nthawi yaitali nsima ya anthu ambiri inali ya mapira ndi mawere.

Migodi ndiyo inasintha zinthu. Migodi ya Southern Rhodesia, ndi ya Copperbelt imene inakula kuyambira ca m'ma 1930, inafuna ufa wocuruka wodyetsa anchito, ndipo azungu a mapulazi anapeza msika. Motero akatswiri anatumidwa kukathandiza iwowo. Ku Salisbury, H. C. Arnold anayamba kukwatitsa mitundu ya cimanga mu 1932, Alan Rattray napitiriza, kufikira SR52 inaturuka mu 1960.

Mbeuyi inabereka modabwitsa, koma inapangidwira pulazi: ifuna mvula ya miyezi isanu, feteleza wambiri ndi kubzala msanga. Maso ace ndi ofewa, amanyenyeka mumtondo, ndipo anankafumbwe sacedwa kuwaboola m'nkhokwe. Mai wosinja panalibe anamfunsa. Mlimi wobzala mbeu yotapa m'nkhokwe amaonanso zokolola zikucepa, pakuti mphamvu ya haibridi iri pa mbadwo woyamba.

Zambia italandira ufulu mu 1964, Boma linafalitsa haibridi m'midzi pamodzi ndi feteleza wotsika mtengo, ndipo minda ya mapira inacepa. Pofika 1984, akatswiri a ku Mount Makulu anayamba kuturutsa mbeu zaozao, zina zoca msanga, zoyenera mlimi wa khasu amene mvula imamthawa mu March.