Kodi Boma Liikepo Ndalama pa Udzudzu Wosinthidwa?

Mawu amene anakambidwa pa msonkhano wa pa Milepa, m'boma la Chiradzulu



Nonse mudziwa kuti malungo adza ndi udzudzu waukazi, pakuti wamphongo suluma. Tsono akatswiri apeza nzeru yosintha chibadwa cha udzudzu kuti waukaziwo uchepe. Timbewu ta chibadwa timene asinthato pa Chingerezi amati "majini", koma musaope, si majini a mizimu ayi.

Nzeru yosintha chibadwa siyachilendo kwa ife. Katemera wa malungo, amene dziko lathu linayamba kupatsa ana mu April 2019 mayiko ena onse asanayambe, apangidwa ndi yisiti wosinthidwa chibadwa. Poyesedwa, anachepetsa malungo a ana ndi magawo pafupifupi 4 mwa 10.

Za udzudzu ndi zina. Katemera mayi atha kulola kapena kukana, koma udzudzu ukauluka sufunsa malire a mudzi. Ku Burkina Faso, m'mudzi wa Bana, anatulutsa udzudzu wamphongo wosabala mu 2019. Mu August 2025 boma la kumeneko linaimitsa ntchito yonseyo.

Anthu agawikana pawiri. Ena akuti, "Ndalama za msonkho zigule mankhwala ndi masikito poyamba, mwana wodwala lero sangadikire udzudzu wa mawa." Enanso akuti, "Udzudzu wayamba kupirira mankhwala a m'masikito. Boma likapanda kuphunzitsa akatswiri athu, tidzangolandira zimene alendo atisankhira." Onsewa ali ndi mfundo, ndipo ine sindinadze kudzakusankhirani.

Kumbukirani njala ya 2002. Chimanga chosinthidwa chitafika, dziko la Zambia linakana, koma ife tinalola kuti chigayidwe kaye. Nthawi yofunsa anthu a m'midzi panalibe. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loti chamoyo chosinthidwa chisatulutsidwe popanda chilolezo cha Boma. Kumbukiraninso mphekesera za anamapopa mu 2017: chinthu chikabwera mosafotokozedwa, mantha apha anthu osalakwa.

Chifukwa chake kambiranani tsopano, zinthu zisanafike. Funsani mafunso awa: Alipira ndani? Zikalakwika ayankha ndani? Kodi mudzi ungathe kukana? Maganizo anu muwapereke kwa a mfumu, kwa alangizi a zaumoyo ndi kwa phungu wanu. Aphunzitsi, werengerani ena amene sadziwa kuwerenga. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Pakali pano gonani m'masikito, ndipo mwana akatentha thupi fulumirani naye kuchipatala.