Cisoni Cinapha Nkhwali, Nanga Cifundo?

(Nkhani ya za umoyo ya mwezi uno, yokambidwa kwa aphunzitsi ndi anthu a m'midzi)



Makolo anasiya mwambi wakuti cisoni cinapha nkhwali. Ngakhale ana a sukulu aidziwa nthano yace. Moto wolusa unazinga njoka m'thengo, nkhwali inamva cisoni niinyamula pakhosi kuuluka nayo, koma zitafika pabwino njoka ija inakana kutsika. Anthu ambiri akamva mwambi umenewu amaganiza kuti wocenjera ndiye amene aumitsa mtima wace. Nkhani ya lero ifuna kuonetsa kuti cisoni ndi cifundo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Cisoni cokha cimalemetsa munthu kufikira atalefuka, pamene cifundo cimampatsa mphamvu za kuthandiza mnzace. Ndiponso cifundo cingathe kuphunziridwa, monga mwana aphunzira kugwira khasu.

AMENE NKHANIYI IWAKHUDZA

M'mudzi uli wonse muli mai amene wadwazika mwamuna wace miyezi yambiri, ndipo tsopano akamva wodwalayo akuitana usiku mtima wace umapsa, pambuyo pace nkuyamba kudzida yekha cifukwa ca kupsa mtimako. Muli mphunzitsi amene aona ana akufika m'kalasi osadya kanthu, nabwerera kunyumba wolefuka. Mulinso bambo amene anakangana ndi mbale wace pa za malire a munda, ndipo tulo samuona cifukwa ca kubwereza-bwereza mau aja mumtima. Anthu otere amayenda ndi kugwira nchito monga masiku onse, koma maganizo ao ali pa cipsinjo.

Bvutoli ndi lacikuru pa dziko lonse. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'caka ca 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 ali onse anali ndi nthenda ya maganizo. Onse pamodzi anali ngati 970 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo anali kubvutika ndi nkhawa kapena kupsinjika mtima.

KUMENE NJIRAYI INACOKERA

Njira ya kuphunzitsa mtima cifundo inacokera ku Asia. Buddha, amene anakhala kumpoto kwa India zaka ngati 2,500 zapitazo, anaphunzitsa omtsata kuti azikhala cete ndi kusinkhasinkha zofunira ena zabwino. M'cinenero ca Pali, cimene mabuku ao akale analembedwamo, kufunira ena zabwino kumachedwa metta, ndipo kufuna kuti wobvutika amasuke ku mabvuto ace kumachedwa karuna.

M'zaka za m'ma 400 mphunzitsi wina dzina lace Buddhaghosa analemba pa cisumbu ca Sri Lanka buku lochedwa Visuddhimagga, m'mene analongosola macitidwe ace mwa dongosolo. Anthu a ku Sri Lanka, Myanmar ndi Thailand atsatabe dongosolo limenelo. Ku America njirayi inafala makamaka ndi mai Sharon Salzberg, amene anaphunzira kwa aphunzitsi a ku India ndi ku Myanmar, nalemba buku lace lochedwa Lovingkindness m'caka ca 1995. Kucokera pamenepo madokotala a maganizo anayamba kuiyesa pa anthu a zipembedzo zosiyana-siyana. M'mene madokotalawo aiphunzitsira mulibe kupembedza kwina kuli konse, cotero Mkhristu kapena Msilamu safunika kusiya cikhulupiriro cace.

MACITIDWE ACE

Munthu amapeza malo a phee, kaya pakhonde mamawa ana asanadzuke, kaya pansi pa mtengo pocokera kumunda. Amakhala pansi bwino, napuma mosafulumira kwa kanthawi. Atatero amayamba kuganizira anthu mmodzi-mmodzi, ndipo ali yense amamfunira mumtima kuti akhale pa mtendere, matenda ampitirire, ndi kuti zomsautsa zimcoke. Mau ace amasankha yekha, koma azikhala ocepa ndi omwe-omwewo tsiku ndi tsiku. Mphindi 10 kapena 15 zikwanira.

Dongosolo la Buddhaghosa liri motere. Poyamba munthu adzifunire yekha zabwino. Kaciwiri aganizire munthu amene amlemekeza cifukwa ca zabwino zimene anamcitira, monga mphunzitsi wace wakale. Kacitatu bwenzi lace. Kacinai munthu amene samkonda ndiponso samuda, monga wogulitsa mcere pamsika amene dzina lace salidziwa. Potsiriza peni-peni, mtima utafewa, aganizire munthu amene anamlakwira.

Dongosololi liri ndi cifukwa cace. Woyamba ndi mdani amangodzutsa mkwiyo, monga wosonkha moto amene ayamba ndi cipika caciwisi m'malo mwa tinkhuni touma. Bukulo limati mkwiyo ukabuka munthu abwerere kwa amene amkonda, kenaka ayesenso. Limamlangizanso kuti akumbukire cabwino cimodzi cokha cimene mdaniyo ali naco. Limayerekeza wosunga cidani ndi munthu wotola khala la moto kuti agende mnzace, amene amayamba ndiye kupsa. Zonse zikakanika limati ampatse mdaniyo mphatso.

Maganizo akathawira ku za fetereza kapena za ngongole, munthu asadzidzudzule, koma angowabweza monga mbusa abweza mbuzi yolowa m'munda. Masiku ena mumtima simumveka kanthu kali konse, ndipo ici sicitanthauza kuti walephera.

ZIMENE AKATSWIRI ANAPEZA

M'caka ca 2008 mai Barbara Fredrickson wa pa sukulu yaikuru ya University of North Carolina ndi anzace anafalitsa zimene anapeza pa anthu 139 ogwira nchito pa kampani ina ya ku America. Ena mwa iwo anaphunzitsidwa njirayi kwa masabata 7, ena anauzidwa kuti adikire. Tsiku liri lonse onsewo anali kulemba m'mene anali kumvera mumtima. Kusintha sikunadze msanga ai. Koma masabata ali kupita, amene anaphunzitsidwa aja anayamba kumva cimwemwe, ciyamiko ndi cikondi kawiri-kawiri koposa anzao odikira, anaona kuti ali ndi anthu owacirikiza, ndipo zizindikiro za kupsinjika mtima zinacepa.

Za kusiyana kwa cisoni ndi cifundo anazifufuza ndi amai awiri, Tania Singer amene anali kugwira nchito ku Leipzig m'dziko la Germany, ndi Olga Klimecki. Iwo anagwiritsa nchito makina ojambula ubongo wa munthu ali moyo. Mmodzi wa owathandiza anali Matthieu Ricard, Mfalansa amene anakhala mmonke wa Cibuda ku Nepal ndipo wakhala akusinkhasinkha zaka zambiri. Atampempha kuti angomva kuwawa kwa ana obvutika ngati kwace, osacita cina, iye anasimba kuti sipanapite nthawi yaitali analefuka kotheratu. Atatembenukira ku cifundo, kuwafunira anawo zabwino, mphamvu zinabwerera ngakhale kuti anali kuganizirabe ana omwewo.

Pambuyo pace akatswiriwo anayesa anthu wamba, ndipo zotsatira zace zinafalitsidwa m'caka ca 2014. Anthuwo anaonetsedwa zithunzi zoyenda za anthu ali m'masautso. Ataphunzitsidwa kumva kuwawa kwa ena, mitima yao inalemera koposa kale. Ataphunzitsidwa cifundo kulemera kuja kunatsika, ndipo makina anaonetsa kuti mbali zina za ubongo, zimene zimagwira nchito pa cikondi ndi ubale, ndizo zinali kugwira nchito tsopano.

Phunziro lace kwa mai wodwazika uja ndi ili. Akangolira pamodzi ndi wodwala usiku uli wonse, m'nyumbamo mudzakhala odwala awiri. Koma akaphunzira kukhala pambali pa mphasa ndi mtima wofunira mwamuna wace mpumulo, osaiwala kudzifunira yekha mpumulo womwewo, adzakhala ndi mphamvu za kuphika phala mawa. Buddhaghosa yemwe anacenjeza kale kuti cisoni cofoola ndi mdani wa cifundo amene amafanana naco kwambiri, kotero kuti munthu angasokoneze ziwirizi.

CENJEZO

Pali zinthu zitatu zimene omvera ayenera kuzisunga.

Coyamba, njirayi siilowa m'malo mwa cipatala. M'caka ca 2014 akatswiri ena anasonkhanitsa zofufuza 22 za njira zotere. Anapeza kuti zimathandiza poyerekeza ndi kusacita kanthu, koma umboni wakuti zimaposa njira zina zotonthoza maganizo sunali wokwanira. Munthu amene wasiya kudya ndi kugona kwa masabata, amene amamva mau amene ena sakuwamva, kapena amene aganiza zodzipha, aperekezedwe ku cipatala capafupi tsiku lomwelo. Matenda a maganizo ali ndi mankhwala ace, ndipo kupita nao ku cipatala sikucititsa manyazi.

Caciwiri, pali anthu ena amene kudzifunira okha zabwino kumawabvuta kwambiri, makamaka amene analeredwa ndi mwano ndi cikoti. Katswiri wa maganizo wa ku Derby m'dziko la England, Paul Gilbert, anaona kuti odwala ace ena amacita mantha kapena kulira akayesa kudzicitira cifundo, ndipo anakonza njira ya kuwathandiza pang'ono-pang'ono. Munthu wotere angayambe ndi agogo ace kapena mwana wace, nafika kwa iye mwini pambuyo pace. Ngati kusinkhasinkha kudzutsa zowawa zakale zimene sangathe kuzipirira, aleke ndi kukafotokozera a cipatala kapena munthu wamkuru womkhulupirira.

Cacitatu ndico ca nkhwali ija. Kufunira mdani zabwino sikutanthauza kumnyamula pakhosi. Mai womenyedwa ndi mwamuna angathe kutaya cidani mumtima mwace, komabe ayenera kucoka pa ngozi ndi kukanena kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena ku polisi. Bambo wa mlandu wa munda apite nao mlandu wace ku bwalo. Cimene njirayi imcitira ndi cakuti adzafika pabwalopo atagona tulo, nalankhula mau oyenera.

KWA APHUNZITSI

Aphunzitsi ndiwo angayambe, popeza ali ndi ana ambiri oti awapirire. Mphunzitsi ayese yekha mwezi wathunthu asanauze wina. M'kalasi iri yonse muli mwana mmodzi amene amamtopetsa koposa onse. Mwana ameneyo amuike potsiriza pa mndandanda wace wa mamawa, ndipo mwezi utatha aone ngati mau amene amalankhula kwa mwanayo ali omwe aja. Njirayi siifuna ndalama kapena ulendo, ifuna kupirira kokha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Amene adziwa kuwerenga awerengere nkhaniyi anzao a pamudzi, makamaka iwo amene ali ndi matenda pakhomo.