Njinga isachoke mu Mosi-oa-Tunya Road: mau kwa oyendetsa njinga a mu Livingstone

Ndalankhula m'Chinyanja kuti timvane tonse, a Chitonga ndi a Chilozi mundikhululukire.

Nkhani yanga lero ndi njinga. Mwamvapo kale anthu ena akukamba ati njinga zidetsa tauni, ati zichedwetsa mamotoka, ati mzinda wa alendo sufunika kuoneka ngati kumudzi. Nthawi zambiri wokamba mau amenewa amakhala ali mkati mwa motoka, mawindo otseka. Ine ndifuna tikonzeke manje, mauwo asanalowe pa pepala la kanso. Munaona mmene zinayendera ndi ogulitsa m'miseu mu 2018, nthawi ya kolera. Lamulo likasainidwa, kapokola safunsa kuti ana ako adya chiyani madzulo.

Imwe amene muuka m'mamawa kukadali mdima, mudziwa bwino amene ali pa njinga mu tauni muno. Ndi uja wa malasha. Ndi uja amene atenga makreti a tomato ndi repu kupereka kwa amai a pa Maramba Market. Ndi mlonda amene agwira nchito ku loji ya m'mbali mwa Zambezi, malipiro ake osakwana kukwera takisi tsiku ndi tsiku. Ndiponso ndi anyamata athu amene apalasa makilomita pafupifupi 10 kuchoka mu tauni kufika pa mlatho wa Victoria Falls, katundu atamanga mpaka sitimuona munthu, kukagulitsa ku Zimbabwe. Panjira akumana ndi njovu, atsika, ayembekeza, apitiriza. Mlatho uja unamangidwa mu 1905 kuti padutse sitima, koma pita ukaime pamenepo m'mawa uone kuti ndani audutsa kwambiri ndi katundu. Amenewa sapempha boma nchito. Anadzilemba okha.

Manje muganize. Kuchokera pamene boma linachotsa sabuside pa mafuta mu December 2021, mtengo wa petulo uyang'anidwa mwezi ndi mwezi, ndipo wa takisi naye akweza. Munthu wathawira pa njinga chifukwa njinga siimwa petulo. Ndiye umuuze ati tsika, yenda pansi, olo lipira motoka? Mtengo wa motokayo adzauika pa saka ya malasha, ndipo amene adzalipira ndi imwe amai muli kunyumba.

Zimenezi anaziyesa kale kwina. Ku Bujumbura, mu dziko la Burundi, boma linaletsa njinga zonyamula anthu, zithuthuthu ndi matukutuku m'mbali zambiri za mzinda mu March 2022, ati zichititsa ngozi. Anthu anayamba kuyenda pansi mitunda yaitali kupita ku nchito, mabasi osakwana, ndipo mabanja ambiri anataya podyera. Ku Kolkata, mu India, apolisi analetsa njinga m'miseu 174 mu 2013. Ogulitsa mkaka, opereka manyuzipepa ndi ena anatuluka ndi njinga zao kukana, ndipo pambuyo pake miseu yoletsedwa anaichepetsa. Koma chitsanzo chimene ndifuna musunge ndi cha Kigali, chifukwa aja okonda kukamba za ukhondo ndiye mzinda umene amatiloza nao chala. Ku Rwanda anachotsa njinga m'miseu ikuluikulu mu 2012. Pofika 2014, President Paul Kagame yekha anafunsa chifukwa chake anthu aletsedwa kupalasa, ndipo njinga zinabwerera. Kigali sinade.

Ndikambeko chilungamo, chifukwa ine sindinabwere kudzakunyengererani. Ngozi ziliko. Ena a imwe muyenda usiku mulibe nyali olo kagalasi kowala kumbuyo, mwavala zakuda. Ena mupalasa kumbali yolakwika, kukumana maso ndi maso ndi motoka. Ena mabuleki anatha kalekale, muimitsa ndi chidendene. Ameneyo ndi mlandu wathu, tiukonze tekha, tisapatse munthu chifukwa. Koma tiyang'anenso mseu weniweniwo. Mosi-oa-Tunya Road ndi mseu waukulu wochokera ku Lusaka, upita pakati pa tauni. Mathiraki opita ku malire a Zimbabwe adutsa momwemo, opita ku mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021 akhotera ku Nakatindi Road. Munthu wa njinga amuika pa mseu umodzi ndi thiraki ya matayala ambirimbiri, popanda malo ake. Akagundidwa ati wolakwa ndi iye. Nanga anayenera kuuluka?

Pamene Livingstone inalandira msonkhano waukulu wa UNWTO mu 2013, ndalama zinapezeka zokonzera miseu ndi kuika magetsi kuti alendo aone bwino. Palibe cholakwika. Koma zionetsa kuti boma likafuna, zichitika. Ndipo alendo amene timaopa kuti adzakhumudwa ndi njinga, ambiri achokera ku maiko ngati Netherlands ndi Denmark kumene ngakhale akuluakulu a boma apita ku ofesi pa njinga. Akafika kuno, ena alipira ndalama kuti awazungulitse m'makomboni mwathu pa njinga. Ndiye mzungu akapalasa ndi zokopa alendo, mwana wa ku Libuyu akapalasa ndi nyansi? Mzinda uno unali likulu la Northern Rhodesia kuchokera 1911 mpaka 1935, ndipo makolo athu adziwa mmene zinalili pamene tauni inali ya ena, iwo n'kukankhidwira ku Maramba. Sitifuna kubwererako.

Chimene tipempha si chachilendo. Mu 2019 dziko lino linalemba ndondomeko yake ya oyenda pansi ndi okwera njinga. Pepalalo liliko, chatsala ndi kulitsitsa pa shelufu. Tifuna njira ya njinga yopatulidwa bwino kuchoka mu tauni kufika ku mlatho, yokhala ndi chotchinga, osati penti chabe imene ifufutika mvula imodzi. Tifuna malo oimikapo njinga pa misika ndi pa chipatala. Tifuna mahampu ndi magetsi polowera m'makomboni. Asatiuze ati ndalama kulibe. CDF inachoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikwera chaka ndi chaka. Njira ya njinga itchipa kutali kuposa kukulitsa mseu wa mamotoka.

Tsono nchito ili kwa imwe. Musakhale aliyense payekha. Lembanani maina, a malasha, a pa mlatho, a ndiwo, musankhe okuimirani, amai akhalemonso. Pitani ku Ward Development Committee ya kwanu mukalembetse pempho la njira ya njinga, musunge kope yodindidwa. Mudziwenso kuti lamulo la kanso siligwira nchito nduna isanalivomereze, ndipo munthu aliyense ali ndi ufulu wolikana polemba kalata. Ndiye muziyang'ana zolengeza zimene amata ku Civic Centre, amene adziwa kuwerenga Chizungu awerengere anzake. Misonkhano ya kanso yonse ndi yotseguka, mungalowe ndi kukhala kumbuyo n'kumvetsera. Pitani ndi njinga zanu, muziimike panja m'mzere, khansala wanu akamalowa aziwerenge.

Ndipo pobwerera madzulo ano, amene alibe nyali adutse pa msika agule.