Mau a Mbusa pa za Odwala Osauka

Pa msonkhano wa caka, mbusa wina wacikulire anakumbutsa mamembala kuti cipatala ca Nkhoma cinayamba m'caka ca 1915, ndi kuti zipatala za misyoni zinapangana bungwe limodzi m'caka ca 1966. Anati nchito yazo njotamandika ndithu, koma zimalipiritsa, pamene m'madera ambiri ca Boma cosalipiritsa ciri kutali. Cotero mai wa kumudzi wopanda khobidi amangogona m'nyumba kufikira nthenda itakula. Cifukwa cace anapempha mpingo uli wonse kuti upatule gawo la cimanga ca zopereka za masika, kuti akulu a mpingo ndi amai a Cigwirizano, amene adziwa khomo liri lonse, alipirire nalo ulendo ndi mankhwala, osayamba afunsa ngati wodwalayo ngwa mpingo wao.