Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Kafukufuku wa Ophunzira Zamankhwala

Inu a kumbuyoko, ndaona maso ali ku mapoto a mpunga. Pirirani pang'ono, sathawa!

Tikamva za mafangasi, ambiri timaganiza za zipere. Koma pali fangasi wina, Cryptococcus, amene amalowa m'mapapo n'kukafika ku ubongo, n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi mwa abale athu amene HIV yawafooketsa. Mankhwala ake amphamvu, amphotericin B, alipo kuyambira m'ma 1950. Vuto lake ndi ukali. Akalowa m'magazi amavulaza impso, magazi amachepa, wodwala amanjenjemera dripi ili pamkono, ndipo anamwino amakhalira kumuyeza magazi.

Mlimi wanzeru samwaza feteleza munda wonse, amathira paphando. Ndi nzeru yomweyo imene ana athuwa ationetsa lero: kukulunga mankhwala m'timatumba tosaoneka ndi maso, topangidwa ndi mapolima monga PLGA, kapena chitosan amene amachokera ku zigoba za nkhanu. Kathumbako kamasungunuka pang'onopang'ono m'thupi, mankhwala n'kumatuluka mwa muyeso, impso n'kupuma.

Wina angati awa ndi maloto. Ayi. Timatumba ta mafuta tinaonetsa kale kuti chotengera mankhwala chimasintha zinthu. Kafukufuku wa AMBITION anachitikira ku Botswana, South Africa, Uganda, Zimbabwe ndi kuno kwathu, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Anapeza kuti dripi imodzi ya amphotericin B wokulungidwa m'mafuta, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, imathandiza mofanana ndi madripi a masiku 7 a amphotericin B wamba, ndipo zovuta zake n'zochepa. Mu 2022 bungwe la WHO linavomereza njirayi. Odwala ndi anamwino a ku Malawi anathandiza dziko lonse lapansi. Tiwaombere m'manja!

Tsono ndidandauleko. Ophunzira inu, kafukufuku wanu asathere m'kabati mukangolandira digiri; mapolima akadali ndi ulendo wautali kuti afike pa bedi la wodwala, ndipo oyenda ulendowo ndinu. Inu osunga thumba la boma, labotale yopanda zipangizo siingabale kanthu, ndipo mankhwala amene alipo kale asamasowe m'zipatala za m'maboma. Mafumu ndi abusa, kauzeni anthu kuti mutu ukamapweteka masiku angapo, khosi n'kuuma, athamangire kuchipatala, ndipo asasiye kumwa ma ARV.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa. Mulungu adalitse Malawi.